Kodi kalata ya nduna kapena bishopu ingamupezere mwana malo ku koleji?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, pamakomo pa anthu ena mu Mzuzu muno sipasowa alendo. Kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo, kwa abusa akuluakulu a ku Sinodi, kwa ansembe a ku dayosizi, kwa eni mabizinesi odziwika, ngakhale kwa inkosi kumudzi, makolo amafika ndi pempho limodzi: "Bwana, tatilemberaniko kakalata kuti mwanayu apeze malo." Ena amathera ndalama pa thiransipoti mpaka ku Lilongwe pofuna siginecha ya munthu amene mwanayo sanakumanepo naye chibadwire.

Makolowa sakuchita zopusa. Akudziwa kuti malo ndi ochepa, ana okhoza ndi ambiri, ndipo m'zinthu zambiri kuno kwathu kudziwana kumathandiza. Koma pa nkhani ya kusankhidwa kupita ku koleji, kalata imalemera malinga ndi zimene woilembayo anaona ndi maso ake mwa mwanayo. Udindo wake pawokha suwonjezera kanthu. Ndipo pali malo ambiri amene kalata, kaya walemba ndani, ilibe ndi poilandirira pomwe.

Ku mayunivesite aboma a kuno kwathu

Mwana amene wangomaliza Fomu 4 ndipo akufuna Mzuni ku Luwinga, UNIMA ku Zomba, MUBAS kapena KUHeS ku Blantyre, LUANAR ku Lilongwe, kapena MUST ku Thyolo, amafunsira malo kudzera mu ndondomeko imodzi imene bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE limayendetsa pamodzi ndi mayunivesitewo. Chimene chimayang'anidwa ndi magiredi ochokera ku MANEB. Pa MSCE giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Kuti mwana aganiziridwe n'komwe, ayenera kukhala ndi makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Kenaka pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imawaika patsogolo: wofuna uinjiniya amayang'anidwa masamu ndi fizikisi, wofuna unamwino kapena udokotala amayang'anidwa bayoloji, kemisitiri ndi ena otero. Ofunsira amaikidwa pa mndandanda malinga ndi mmene akhozera, ndipo malo akatha, mndandandawo umathera pomwepo.

Pa fomu yofunsira malo otere kalata ya phungu ilibe ntchito. Imene imagwetsa ana ambiri okhoza bwino ndi nkhani ina: kasankhidwe ka mapulogalamu. Mwana wa mapointi 14 akalemba mapulogalamu okhaokha amene amalimbiranidwa ndi ana a mapointi osafika 10, monga udokotala ndi zamankhwala, akhoza kutsala, pomwe mnzake wa mapointi 20 amene anasakaniza zosankha zake mwanzeru wapeza malo. Wina amalemba pulogalamu imene imafuna kirediti ya masamu iye ali ndi 7 pa masamupo, ndiye kuti chisankho chimenecho wachitaya. Wina amalakwitsa nambala ya mayeso, kapena amalipira ku banki koma osamaliza kutumiza fomu. Tsiku limene kholo limathera podikira bwana pa khonde likanapindula koposa likanathera pokhala pansi ndi mwana ndi mphunzitsi wake, n'kuwerenga chilengezo cha chaka chimenecho mzere ndi mzere.

Kuno kumpoto kukayikira kasankhidwe ka ana n'kwakale, ndipo kuli ndi pochokera. Ndondomeko ya kota, imene inkagawa malo potengera boma lochokera, inasiyitsa ana ambiri okhoza bwino a m'maboma a kuno. Inabwezeretsedwa nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo boma linalengeza kuti yathetsedwa mu 2020. Amene anaona mwana wa mapointi abwino akutsala zaka zimenezo savutika kukhulupirira kuti pali dzanja lobisika. Koma kota inali ndondomeko yolengezedwa poyera, ndipo ngakhale nthawi imeneyo kalata ya munthu wotchuka sinali gawo la fomu.

Kumene kalata imafunikadi

Pali malo ena kuno kwathu amene amapempha kalata, ndipo amatchula yemwe ayenera kuilemba. Makoleji ena a mipingo, makamaka ophunzitsa zaumoyo ndi zaubusa, amafuna umboni wa khalidwe wochokera ku mpingo kapena ku sukulu imene mwana anaphunzira. Apa woyenera kulemba ndi mbusa kapena wansembe wa pa mpingo pamene mwanayo amapemphera, amene anamuona m'kwaya, m'gulu la achinyamata kapena pothandiza odwala. Kulumpha ameneyu n'kupita kwa bishopu kapena mlembi wamkulu wa Sinodi sikuwonjezera kanthu, chifukwa mkuluyo adzangolemba mawu aulemu a mizere itatu, kapenanso adzayamba wafunsa mbusa yemwe uja munamulumpha.

Anthu apantchito amene akufuna kukweza maphunziro, monga mphunzitsi kapena namwino wokhala ndi dipuloma, kawirikawiri amafunsidwa kalata ya kuntchito yotsimikiza zaka zimene agwira ndi ntchito imene amagwira. Wolemba wake ndi amene amakuyang'anirani kapena ofesi yoona za antchito. Ofuna digiri yachiwiri kapena yachitatu amafunsidwa anthu awiri kapena atatu owaikira umboni, ndipo mmodzi kapena awiri mwa iwo ayenera kukhala amene anawaphunzitsa ku yunivesite, makamaka amene anayang'anira kafukufuku wawo wa chaka chomaliza.

Chidindo cha mfumu, cha ofesi ya DC kapena cha ofesi yoona za chisamaliro cha anthu n'chosiyana ndi zonsezi. Mafomu ena opemphera thandizo la fizi amachifuna pofuna kutsimikiza kuti mwanayo ndi wa kumeneko ndipo ndi wosowadi. Chidindocho chimathandiza kupeza ndalama malo atapezeka kale. Sichipezetsa malo.

Kunja kwa dziko

Kumene makalata ali ndi mphamvu zenizeni ndi ku makoleji a ku America amene amasankha ana poyang'ana zambiri kuposa magiredi okha. Makoleji oposa 1,000 amagwiritsa ntchito fomu imodzi yotchedwa Common App. Fomuyi ili ndi malo a lipoti la sukulu, limene kwathu kuno angalembe ahedi, achiwiri awo kapena mphunzitsi wa kalasi, komanso malo a makalata a aphunzitsi a maphunziro. Harvard imafuna aphunzitsi awiri. MIT imafunanso awiri, ndipo imanena kuti mmodzi akhale wa masamu kapena sayansi, winayo wa zilankhulo, mbiri kapena maphunziro ofanana nawo. Makoleji ena amalola kalata yowonjezera yochokera kwa munthu wina, monga woyang'anira kuntchito, wophunzitsa masewera kapena mtsogoleri wa mpingo, ndipo ena salola n'komwe. Mayunivesite a University of California kawirikawiri safuna makalata pofunsira malo.

Ku Britain, fomu yofunsira malo ya UCAS imalandira umboni umodzi wokha, wochokera kusukulu, ndipo wachibale kapena mnzanu saloledwa kulemba. Sikolashipu ya Chevening imafuna anthu awiri okuikirani umboni pamwamba pa maola 2,800 ogwira ntchito. Ya Fulbright, ya ku America, imafuna makalata atatu. Mwa onsewa palibe amene amafunsa kuti wolembayo ndi wotchuka bwanji.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wowerenga mafomu ali ndi mulu wa ana amene onse magiredi awo ndi abwino, ndipo sadziwa kusiyana kwa Marymount, Katoto ndi CDSS ya ku Chibavi. Akufuna wina amuuze zimene magiredi sanena: kodi mwanayu amatani akakumana ndi funso lomuvuta, amafunsa mafunso otani, anzake amapindula naye chiyani, anakhoza ali ndi labu kapena analibe. Zili ngati pa bwalo la milandu kwa mfumu: mboni imene inaona ndi maso imamvedwa, ngakhale ikhale yosauka, pomwe mkulu wolemekezeka amene wangomva kwa ena amapatsidwa mpando wabwino koma mawu ake sagamula mlandu. Kalata ya nduna yonena kuti imadziwana ndi banja la mwanayu kwa zaka zambiri ndipo ndi mwana wa khalidwe labwino sikuyankha funso ndi limodzi lomwe. Imangoonetsa kuti makolo ali ndi anzawo apamwamba. Wowerenga wina ikhoza kumupatsa maganizo oti mwanayu sanapeze mphunzitsi womuyamikira, n'chifukwa chake wathamangira ku dzina.

Mu 2017, Rebecca Sabky, amene anagwirapo ntchito yosankha ana ku koleji ya Dartmouth ku America, analemba mu nyuzipepala ya New York Times za kalata imene sanaiiwale mwa makalata ambirimbiri amene anawerenga. Inalembedwa ndi bambo wosesa ndi kusamalira pasukulu. Bamboyo anati mwanayo ndiye yekha amene ankadziwa mayina a onse ogwira ntchito yosesa, ankazimitsa magetsi m'makalasi opanda anthu, ndipo ankatola zinyalala za anzake popanda womuona. Mwanayo anasankhidwa. Kalatayo inagwira mtima chifukwa inanena zinthu zimene munthu wina aliyense sakanazidziwa.

Nanga akuluakulu alibedi mphamvu?

Ali nazo, ndipo kunena kuti alibe kungakhale kunama. Koma mphamvu zawozo sizidzera m'kalata ya umboni. Pa mlandu umene Harvard inazengedwa ku Boston mu 2018, kunaululika kuti ofesi yosankha ana inali ndi mndandanda wapadera wa ofunsira malo amene akuluakulu a yunivesite anali nawo chidwi, ambiri mwa iwo ana kapena abale a anthu opereka ndalama zambiri. Mwa ana a pa mndandandawu, pafupifupi 42 pa 100 aliwonse ankapeza malo, pomwe mwa ofunsira onse pamodzi opeza malo sankafika 10 pa 100. Ku University of Illinois, nyuzipepala ya Chicago Tribune inaulula mu 2009 kuti ana pafupifupi 800 anaikidwa pa mndandanda wobisika kuyambira 2005 chifukwa andale ndi akuluakulu ena ankawalankhulira, ndipo mtsogoleri wa yunivesiteyo, B. Joseph White, anatula pansi udindo chaka chomwecho. Mu 2019 anthu oposa 50 anaimbidwa milandu ku America pa chinyengo chimene Rick Singer ankatsogolera, chogulira ana malo ndi ziphuphu ndi mayeso achinyengo, ndipo makolo ena otchuka anakalowa kundende.

Mu nkhani zonsezi chimene chinagwira ntchito ndi ndalama, kapena mphamvu imene munthuyo anali nayo pa yunivesite yeniyeniyo: wopereka chuma, wa m'bodi, wandale wovomereza bajeti yake. Phungu wa ku Mzimba kapena nduna ya ku Capital Hill alibe chingwe chotere pa koleji ya ku Boston kapena ku London. Dzina lake kumeneko silidziwika, ndipo ngakhale litadziwika, silingasinthe kanthu.

Kuno kwathu, mkulu amene angaimbire foni ofesi ya yunivesite yaboma kuti mwana wakutiwakuti alowe pamene magiredi ake sakukwana sakuikira umboni, akulowetsa mwana pawindo. Kumeneko ndi kugwiritsa ntchito udindo molakwika, ndipo ndi nkhani imene bungwe lolimbana ndi katangale la ACB, lomwe lili ndi ofesi mu Mzuzu momwemuno, limafufuza. Malo amene mwanayo watenga ndi a mwana wina amene anakhoza kumuposa, mwina wa ku Nthalire kapena ku Usisya amene alibe womulankhulira. Chikhulupiriro choti zinthu zimatheka ndi kudziwana ndicho chimadyetsanso madobadoba: amene amaimba foni kapena kulemba pa WhatsApp ndi Facebook kuti ali ndi munthu mkati, mungotumiza ndalama pa foni. Mayina a osankhidwa amalengezedwa poyera, ndipo ndalama zovomerezeka zimalipiridwa ku akaunti imene yalembedwa pa chilengezo, osati ku nambala ya munthu.

Pali malo ochepa amene munthu waudindo amafunikadi mwalamulo. Mwana wa ku America wofuna kulowa sukulu ya usilikali ya West Point ayenera kusankhidwa ndi waudindo wovomerezeka, kawirikawiri phungu wa nyumba ya malamulo ya kumeneko. Masikolashipu ena a Commonwealth amadzera ku ofesi imene boma la dziko lanu linaipatsa udindo wosankha. Zikakhala choncho, chilengezo chimanena momveka, ndipo pamakhala fomu ndi tsiku lotsekera. Si nkhani yokagwada pakhomo pa munthu.

Kapezedwe ka kalata yogwira ntchito

Vuto lenileni la ana athu si kusowa anthu otchuka. Ndi loti aphunzitsi amene amawadziwa bwino sanazolowere kulemba makalata a mtundu umenewu. Kalata ya umboni imene sukulu zathu zimapereka mwana akamaliza Fomu 4 imanena kuti anali womvera, wofatsa, waulemu, woopa Mulungu, ndipo sanapalamulepo. Kwa ife amenewa ndi mawu otamanda. Kwa wowerenga wa kunja, amene akufuna mwana wofunsa mafunso ndi woyambitsa zinthu, kalata yotere imamveka ngati mphunzitsi wasowa chonena. Mwana wanzeru amaoneka wamba chifukwa cha kalembedwe basi.

Sankhani mphunzitsi amene anakuphunzitsani mu Fomu 3 kapena Fomu 4, kwa chaka chathunthu kapena kuposa, pa phunziro logwirizana ndi zimene mukufuna kukaphunzira. Sikuti akhale amene anakupatsani giredi yapamwamba koposa. Mphunzitsi amene anakuonani mukuchoka pa 6 kufika pa 2 pa masamu ali ndi nkhani yoti anene kuposa amene mumangokhoza phunziro lake popanda thukuta. Mufikireni pamaso, milungu 6 kapena 8 tsiku lotsekera lisanafike, ndipo mufunseni mosabisa kuti, "Aphunzitsi, kodi mungathe kundilembera kalata yamphamvu?" Akazengereza, thokozani ndipo funsani wina, chifukwa kalata yolembedwa mokakamizika imaonekeratu. Masiku otsekera amadziwika: 15 Okutobala kwa ofuna Oxford, Cambridge kapena udokotala ku Britain, 1 Novembala kwa ofunsira msanga ku makoleji ambiri a ku America, ndi mu Januwale kwa ena ambiri. Disembala ndi nthawi ya tchuthi, aphunzitsi ambiri amakhala ali kumudzi kumene netiweki imavuta, choncho amene akudikira Januwale amalize zonse sukulu zisanatseke.

M'kalasi ya ana 80 mphunzitsi sangakumbukire zonse za mwana mmodzi. Mupatseni pepala limodzi lolembapo magiredi anu, zimene mukufuna kukaphunzira ndi chifukwa chake, ndi zinthu zitatu kapena zinayi zimene zinachitika iye akuona: tsiku limene munatsutsa yankho la m'buku ndipo munapezeka olondola, gulu lowerengera limodzi limene munayambitsa, chipangizo chimene munapanga ku kalabu ya sayansi, mmene munkafikira mochedwa chifukwa choyamba mwagulitsa mandasi ku msika koma homuweki osaphonya. Kumeneku si kumulembera kalata, ndi kumukumbutsa.

Kalata yabwino imakwana tsamba limodzi, ikatalika tsamba ndi theka. Imayamba ndi kunena kuti wolembayo ndi ndani, waphunzitsa zaka zingati, ndipo mwanayu anamudziwa liti, pa phunziro lanji. Kenaka imamuyerekeza ndi anzake m'manambala oona: wachitatu mwa ana 120 a fomu yake, kapena mmodzi mwa ana asanu opambana amene mphunzitsiyo waphunzitsapo. Pakati pake pamabwera zitsanzo ziwiri kapena zitatu zofotokozedwa bwino. Ndipo, chofunika kwambiri kwa ana a kuno, imafotokoza mmene sukuluyo ilili: ngati ilibe labu, ngati buku limodzi amagawana ana khumi, ngati papita zaka sukuluyo isanatumizeko mwana ku yunivesite. Iyeneranso kufotokoza kuti pa MSCE giredi 1 ndiyo yapamwamba, chifukwa wowerenga wosadziwa akhoza kuganiza kuti 9 ndiye wopambana. Mapointi 12 a pa CDSS yopanda magetsi amanena zambiri za mwana kuposa mapointi 12 a pa sukulu yokhala ndi zonse, koma wowerenga sangadziwe zimenezo popanda womuuza.

Zambiri zimaonongeka pa katumizidwe. Masiku ano mwana satenga kalata m'manja. Amalemba dzina ndi imelo ya mphunzitsi pa fomu, ndipo mphunzitsiyo amalandira linki yoti atumizirepo yekha. Linkiyo nthawi zambiri imagwera mu foda ya spam, kapena imapita ku imelo imene mphunzitsi anaiwala pasiwedi yake. Yesani imeloyo musanailembe, ndipo mukatumiza pitani mukamuuze. Sukulu zathu zambiri zilibe imelo yakeyake, ndiye aphunzitsi amagwiritsa ntchito Gmail. Zimenezi si mlandu, koma zimachititsa kuti kalata ikayikiridwe, choncho ilembedwe pa pepala la mutu wa sukulu, isainidwe, idindidwe, ikhale ndi nambala ya foni ya sukulu, ndipo ijambulidwe bwino kukhala PDF yowerengeka. Musadikire tsiku lomaliza, magetsi ndi netiweki sizilonjeza. Pa Common App mudzafunsidwa ngati mukulolera kusaona zimene aphunzitsi alemba. Lolerani, chifukwa kalata imene mwana sanaione imakhulupiriridwa koposa.

Aphunzitsi ena otanganidwa amati, "Lemba wekha, ndidzangosaina." Musavomere. Kalembedwe kanu kali kale m'nkhani yanu imene mwatumiza pa fomu yomweyo, ndipo wowerenga akapeza mawu ofanana, zolakwitsa zofanana, kapena makalata awiri a aphunzitsi osiyana olembedwa mofanana, amataya chikhulupiriro pa fomu yonse. Choipa koposa ndi kutsegula imelo m'dzina la mphunzitsi n'kudzitumizira nokha. Chinyengo chikadziwika, malo amalandidwa ngakhale mutayamba kale maphunziro. Zolakwika zina ndi zazing'ono koma zimapweteka: kalata yotchula dzina la koleji ina chifukwa inakoperedwa, dzina la mwana lolembedwa mosiyana ndi la pa satifiketi, kalata yopanda deti, ndi kutumiza makalata 6 pamene apempha awiri.

Munthu wotchuka akhoza kulemba, ngati akukudziwani chifukwa cha ntchito. Pulofesa wa ku Mzuni amene munamuthandiza kusonkhanitsa zofufuza m'midzi ya ku Nkhata Bay kwa miyezi itatu, dokotala wamkulu wa pa Mzuzu Central amene anakuyang'anirani mukugwira ntchito yongodzipereka, ngakhale phungu amene munagwiradi ntchito mu ofesi yake ndipo angathe kunena zimene munachita mwezi ndi mwezi, onsewa ndi oyenera. Musanamupemphe, dzifunseni ngati angathe kufotokoza zinthu ziwiri zenizeni zimene anakuonani mukuchita popanda kufunsa makolo anu. Ngati angathe, kalata yake iikidwe pa malo a kalata yowonjezera, pamene koleji yalola, ndipo makalata a aphunzitsi akhalebe pamalo pawo. Ngati sangathe koma ali ndi mtima wothandiza, mupempheni zina zimene angakwanitse: ndalama yolipirira fomu kapena mayeso a Chingerezi monga IELTS ndi TOEFL, malo oti mugwireko ntchito miyezi ingapo, kapena kukulumikizani ndi wina amene anaphunzira ku koleji imene mukuifunayo kuti akuwerengereni fomu musanatumize.